Musanagule PlayStation kapena Xbox, onani kaye ngati pali polowetsa disiki

Anzanga okonda magemu, mkangano wa PlayStation ndi Xbox ndimautsatira, koma ambiri timangokanganirana mtengo wolembedwa pabokosi. Ine ndimawerengera ndalama zonse zomwe makinawo adzandidyere pa zaka zisanu zomwe akhale pansi pa TV.

Mu Novembala 2020 Xbox Series S inatuluka pa madola 299, Series X pa 499. PlayStation 5 (PS5) yolowa disiki inali 499, yosalowa disiki 399. Munthu ukaona 299 mtima umadumpha ndithu. Koma paja chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Series S silowa disiki, ndipo pa 512GB yomwe inabwera nayo, malo enieni oikamo magemu ndi pafupifupi 364GB. Call of Duty yokha imatha kudya kupitirira 100GB. Ukaikamo magemu akuluakulu atatu kapena anayi, basi wayamba kufufuta lero, kudawunilodanso mawa, apo ayi ugule khadi yowonjezera malo, ndipo phindu la kutchipa kuja lathera pomwepo.

Koma nkhani yaikulu kwa ine ndi disiki. Kuyambira 2020 magemu ambiri atsopano amagulitsidwa madola 70. Ya padisiki ukaimaliza umaigulitsa, umabwereketsa, kapena umagula yoti wina anaisewera kale pamtengo wotsika. Yogula pa intaneti imamatirira pa akaunti yako mpaka kalekale, sungaigulitse, ndipo pa PlayStation sitolo yake ndi imodzi yokha, ya eni makinawo. Mtengo akanena iwo, watha.

Ine ndi mng'ono wanga timasinthana madisiki. Ilipo ina chikwama chake chinang'aluka pakona, tinachimata ndi tepi, ndipo yadutsa m'manja mwa anthu anayi. Tonse tinaisewera mpaka kumapeto, koma amene analipira ndi mmodzi. Nthawi zonse ndikamva makina akuikoka disiki ija, ndimadziwa kuti madola 100 owonjezera aja a PS5 yolowa disiki sanapite pachabe.

Game Pass, yomwe umalipira mwezi uliwonse kuti uzisewera magemu ambiri pa Xbox, sindikuinyoza ayi. Kwa munthu amene amalawa magemu ambirimbiri mwezi uliwonse, ndi yabwino zedi, ndipo apa Microsoft, mwini Xbox, inaganiza bwino. Kungoti mu Okutobala 2025 Game Pass yapamwamba, yotchedwa Ultimate, inakwera kufika madola 29.99 pamwezi. Pachaka inali pafupifupi 360, kuposa mtengo umene Series S inatulukira! Ndipo tsiku lomwe wasiya kulipira, magemu onse atsekeka. Ngati chaka chonse umangosewera mpira ndi gemu ina imodzi, ukulipirira chakudya chomwe sukudya.

Sony, mwini PlayStation, nayo inandikhumudwitsa mu 2024 potulutsa PS5 Pro pa madola 699 yopanda polowetsa disiki, n'kumati chipangizocho ugule pachokha pa 79. Makina odula chotere ankayenera kubwera athunthu.

Nintendo ili ndi njira yakeyake. Switch 2 inatuluka mu Juni 2025 pa 449, ndipo magemu a Nintendo satsika mtengo msanga, komabe pachifukwa chomwecho makatiriji ake (timakhadi ta magemu togwira ntchito m'malo mwa disiki) ukamagulitsa umapezako ndithu.

Mlongo wanga atandifunsa zoti agulire ana ake, ndinamufunsa kaye kuti anzawo a anawo ali ndi makina ati. Anati ambiri ali ndi PS5. Ndinamuuza kuti agule yomweyo, yolowa disiki, ndipo madisiki awiri oyambira ndiwapatsa ine.