Pa simenti ya kuno ku Dedza, nsapato ya badminton imamukwanira wosewera table tennis

Kwa achinyamata amene ayamba kusewera table tennis kuno ku Dedza, komanso kwa inu makolo ndi aphunzitsi amene mumawagulira zipangizo, ndikufuna kupereka maganizo anga pa nkhani ya nsapato, chifukwa ndimaona kuti ndalama zonse zimathera pa chomenyera mpira ndi labala wake, pomwe kumapazi mwana amangovala chilichonse chimene chapezeka m'nyumba. Maganizo anga ndi akuti wosewera amene amaphunzirira pa simenti ya mu holo ya sukulu kapena ya tchalitchi asavutike mtima kufunafuna nsapato yopangidwira table tennis yeniyeni, pakuti nsapato yabwino ya badminton kapena ya squash (masewero omenyetsa kampira kukhoma) imamukwanira, ndipo pamalo olimba otere imateteza mawondo ake kuposa inayo. Imene ndikuikana ndi mtima wonse ndi nsapato yothamangira pamsewu, ngakhale ikhale yatsopano ndi yodula bwanji.

Kuti timvane bwino, tiyenera kuyang'ana mmene mapazi amayendera pa masewerowa. Tebulo ndi lalitali mamita 2.74 ndipo m'lifupi mwake ndi mamita 1.525 okha, choncho wosewera sathamanga mtunda uliwonse. Chimene amachita ndi kusuntha cham'mbali, kumanja ndi kumanzere, pang'onopang'ono koma mwaliwiro, mawondo atapindika, thupi lonse litatsamira kutsogolo kwa phazi, kenaka n'kuima mwadzidzidzi ndi kupotoza chiuno kuti amenye. Kampira kake kamalemera magalamu 2.7 okha ndipo kamabwerera munthu asanaphethire n'komwe. Komanso kuyambira mu 2001 gemu imathera pa mapointi 11 m'malo mwa 21, kutanthauza kuti kuterereka kawiri kapena katatu kokha ndi kokwanira kuluzitsa munthu amene dzanja lake lili bwino kwambiri.

N'chifukwa chake makampani monga Butterfly, Mizuno ndi Stiga amapanga nsapato za table tennis zopepuka, za soli yopyapyala ndi yopindika mosavuta, zimene zimasunga phazi pafupi ndi pansi. Labala wa kunsi kwake ndi wofewa, nthawi zambiri wa mtundu wonga uchi, wogwira pansi ndiponso wosasiya zipsera zakuda. Sindikutsutsa kuti nsapato zimenezi ndi zabwino, ndipo amene anazivalapo amadziwa mmene phazi limamvera pansi ngati kuti silinavale kanthu. Koma tisaiwale malo amene anazipangira. Pa mipikisano ikuluikulu ya bungwe la ITTF, loyang'anira table tennis pa dziko lonse, amasewerera pa matabwa kapena pa mphasa zapadera za pulasitiki zoyala pansi, zimene zimalowa pang'ono n'kubwerera munthu akaponda, moti ntchito ina yoteteza mawondo imagwiridwa ndi pansipo, osati ndi nsapato yokha. Koma simenti ndi youma gwa. Mphamvu yonse imene phazi laponda nayo imabwerera ku chidendene, ku akakolo, ku mawondo mpaka kumsana, ndipo wosewera wa thupi lolemera kapena wachikulire amene wavala soli yopyapyala pa simenti kwa maola awiri amadzuka m'mawa mwake zidendene zikuwawa.

Apa ndi pamene nsapato ya badminton imapambanira. Osewera badminton nawonso amasuntha cham'mbali ndi kuima mwadzidzidzi, choncho nsapato zawo, monga za Yonex kapena Li-Ning, zili ndi labala wogwira yemweyo ndiponso m'mbali molimba moletsa phazi kutsetsereka mkati, koma poti iwo amadumphanso, anawonjezera siponji pang'ono kunsi kwa chidendene. Zimalemerako pang'ono, n'zoona, koma kulemerako wosewera wa kusekondale sangakumve mpaka kumulepheretsa kufika pa mpira. Za squash ndi chimodzimodzi. Za volleyball zilipo zina zotsika zimene zimagwira ntchito, pomwe zina n'zokwera kwambiri chifukwa cholinga chake ndi kuteteza munthu wodumpha pa neti. Za basketball ndiye ayi, chifukwa n'zolemera ndipo zambiri zimamanga akakolo moti phazi silitembenuka msanga.

Nsapato yothamangira ndi imene imandidetsa nkhawa, chifukwa ndi imene yadzaza pa kaunjika ndipo ndi imene ana amaikonda poona kukongola kwake. Inapangidwira kupita kutsogolo kokha. Chidendene chake n'chokwera, siponji yake ndi yokhuthala ndi yofewa, ndipo nsalu ya pamwamba ndi yopyapyala kuti mphepo izilowa. Munthu akasuntha nayo cham'mbali n'kuima mwamphamvu, soli imagwira pansi koma phazi limapitirira, siponji imaphwafuka mbali imodzi, ndipo kakolo amapindika. Kubinya kotereku kumakhazika mwana pansi masabata angapo, ndipo kakolo amene wabinyapo kamodzi sachedwa kubinyanso. Ndikupemphani aphunzitsi a zamasewero kuti pa nkhani iyi mukhale olimba mtima, ngakhale kholo litanena kuti linagula nsapatoyo ndi ndalama zambiri.

Poti ambiri a ife timagula pa kaunjika, kaya pa msika wa pa boma, pa Chimbiya kapena pa Lizulu, ndi bwino kudziwa zoyang'ana, chifukwa wogulitsa sasiyanitsa nsapato ya mu holo ndi ya pamsewu, kwa iye zonse ndi nsapato zamasewero. Choyamba tembenuzani nsapatoyo muone kunsi. Soli ikhale yafulati, yopanda mano akuluakulu, yokhala ndi timizere ting'onoting'ono, ndipo zambiri za mu holo zimalembedwa mawu akuti non-marking, kutanthauza kuti sizisiya zipsera pansi. Kenaka dinani labalayo ndi chikhadabo. Ngati akulowa pang'ono n'kubwerera, akadali ndi moyo, koma ngati wauma gwa ndipo akunyezimira, isiyeni pomwepo, chifukwa labala amauma akakhalitsa ngakhale nsapatoyo sinavalidwe kwambiri, ndipo labala wouma pa simenti yosalala amaterera ngati dothi la katondo mvula itangogwa. Ipindeni kuti muone ngati ikupindikira pamene zala zimayambira, osati pakati. Finyani kumbuyo kwa chidendene, kukhale kolimba. Poyesa, mwana avale sokosi zimene azisewerera, amange zingwe, asunthe cham'mbali pomwepo pamsikapo, ndipo phazi lisayende mkati. Ndikudziwa chizolowezi chathu chogulira mwana nsapato yaikulu kuti akule nayo, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake pamene ndalama zikuvuta chonchi, koma pa masewero awa nsapato yokhwepa imabweretsa matuza ndi zikhadabo zakuda, moti ndi bwino kugula yotchipa yokwana kusiyana ndi yodula yaikulu.

Palinso nkhani ya pansi penipenipo, imene nsapato iliyonse singaithetse payokha. Miyezi ya Ogasiti mpaka Okutobala mphepo imalowetsa fumbi m'maholo athu, ndipo fumbi likamata kunsi kwa labala, ngakhale nsapato ya Butterfly imaterera. Maholo ena amawapaka polishi wofiira kuti aziwala pa misonkhano ndi pa maukwati, zimene ndi zabwino kwa alendo koma zoopsa kwa wosewera. Musanayale tebulo, sesani ndi kukolopa ndi madzi okha, dikirani paume, ndipo pambali pa tebulo ikani kansalu konyowa koti wosewera azipondapo kuchotsa fumbi, monga amachitira osewera ambiri ngakhale kunja. Nsapato yosewerera izibwera mu chikwama ndipo izivalidwa pakhomo la holo. Mwana akayenda nayo kuchokera ku Bembeke kapena kukwera nayo phiri la Dedza, miyala ndi dothi zimadya timizere tonse ta kunsi, ndipo miyezi yochepa yokha nsapato imene ikanatha zaka ziwiri imakhala itatha ntchito. Amene alibiretu nsapato ya mu holo, kanivasi wamba wa soli yafulati ndi wabwinopo kusiyana ndi yothamangira, bola aikemo kasiponji kena mkati ndipo asasewere nthawi yaitali.

Nsapato ya table tennis yeniyeni ndingailangize kwa wachinyamata wopepuka thupi amene wafika poyenda ku mipikisano ya ku Lilongwe kapena ku Blantyre, amene mapazi ake aphunzira kale kuyenda bwino moti kupepuka kwa nsapato kungamuwonjezere kanthu. Ngakhale iyeyo, ndingakonde kuti pa maphunziro a tsiku ndi tsiku pa simenti azivala ya badminton, ndipo yopyapyalayo aziisungira masiku a mpikisano ndi masiku ochepa oizolowera mpikisanowo usanafike.