Dothi la ku Kasiya si makala ayi

Dzulo ndakwera minibasi pa Santhe kupita ku Lilongwe kudzera msewu wa Kasiya, kumene kampani ina yakunja ikufufuza miyala ya pansi pa nthaka, ndiye bambo ena achikulire amene anakhala pambali panga, thumba la mtedza pamiyendo, akuti "aaa azungu amenewa akulifuniranji dothi lakudali, si makala basi, angotenga atipatseko kangachepe." Minibasi yonse kuseka, mpaka kondakitala kuvomera. Ine mtima unandiwawa ndipo mpaka pano sunatsike.

Ndinawauza kuti bambo pepani koma amenewo si makala. Ndi graphite. Inde ndi yomwe ija ili mkati mwa pensulo ya mdzukulu wanu, koma yomweyonso amaika m'mabatire a galimoto zamagetsi, amapangiranso timapuleti ta mu fuel cell, chipangizo chimene chimakumanitsa haidrojeni ndi okosijeni wa mu mpweya n'kutulutsa magetsi, chotsalira chake madzi ndi kutentha basi. Toyota inayamba kugulitsa galimoto yotere mu 2014, dzina lake Mirai, kumbuyo kwake kumadontha madzi osati utsi. Koma timapuleti ta mu Mirai muja si ta graphite, ndi ta titanium, chitsulo chopepuka chosachita dzimbiri, chimene chimachokera ku mwala wotchedwa rutile, rutile yemweyo amene ali mbwee pansi pa minda ya ku Kasiya. Platinum, chitsulo china chimene chimafulumizitsa ntchito mu fuel cell, wambiri amakumbidwa ku South Africa, wina ku Zimbabwe konkuno.

Ndiye wina aziti makala? Makala a chani? Mukuganiza kuti kampani yaikulu ya migodi ngati Rio Tinto inagula masheya mu 2023 mu kampani imene ikufufuza miyala ku Kasiya chifukwa chofuna kuwotchera chimanga? Chinthu chathu, chili pansi pa mapazi athu, eni akefe sitikudziwa n'komwe ntchito yake, tikuchipeputsa tokha ndi pakamwa pathu wogula asanatchule mtengo. Ukanena wekha kuti katundu wako ndi zinyalala ndani angakupatse mtengo wabwino? Palibe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Mwina vuto ndi sukulu zathu, mwina amene amayenera kutifotokozera m'midzi muno safika, kaya. Koma kusadziwa kwakeko kusamatisekeretse chonchi abale, n'zochititsa manyazi. Fodya tinachita naye chimodzimodzi, Kasungu yonse kuweramira pa nazale, kusoka, kufoleza, kudinda mabelo, masamba kupita kunja, ife kutsala ndi ngongole ya feteleza. Pano tikufuna tibwerezenso ndi dothi, limene likapita silimeranso chaka chamawa.

Komanso chondinyansa china, ndafika kunyumba usiku magetsi kulibe, batire ya sola imene ndinagula pa msika mwezi wa February yafa kale, siisunga moto olo ola limodzi, mwana akuwerenga ndi tochi ya foni. Wogulitsayo ndikamuimbira sakuyankha.