Vivekananda sanapite ku America kukaphunzitsa anthu kudzipinda

Pa 12 Januwale dziko la India limakumbukira tsiku la achinyamata, ndipo analisankha chifukwa ndi tsiku lomwe Swami Vivekananda anabadwa ku Calcutta mu 1863. Ulemuwu ndi womuyenera. Chimandiwawa n'choti ambiri akamamutama amangoti ndi uja anapititsa yoga (yomwe ambiri amaidziwa ngati masewera odzipinda thupi) kwa azungu, basi, nkhani yathera pompo.

Mmonke wachihindu ameneyu anafika mumzinda wa Chicago ku America mu 1893 alibe kalata yomulowetsa kumsonkhano wa zipembedzo za padziko lonse. Ndalama zinamuthera, mpaka mphunzitsi wa ku yunivesite ya Harvard, John Henry Wright, ndiye anamulembera kalata yomuikira kumbuyo. Usiku wina anagona m'bogi ya sitima ya katundu atataya adiresi ya komwe amayenera kufikira. Pa 11 Sepitembala anaimirira, nduwira kumutu, n'kupereka moni kwa anthu aja monga alongo ndi abale ake, holo yonse inangoti wa! kuwomba m'manja. Apa ndi pomwe aliyense amakonda kukamba.

Koma patangopita masiku ochepa, pamsonkhano womwewo, anawauza Akhristu a ku America pamaso kuti akungomanga matchalitchi ku India pomwe anthu akufa ndi njala. Anati chipembedzo amwenye ali nacho chokwanira, chomwe akupempha ndi chakudya. Tangoganizani, mlendo wogona ndi kudya m'nyumba za anthu omwewo, koma osawanyengerera ngakhale pang'ono. Ine ndimamuvulira chipewa pamenepa.

Ndipo sanangolankhula. Atabwerera kwawo anayambitsa bungwe la Ramakrishna Mission mu 1897, kutengera dzina la mphunzitsi wake, n'kutuma amonke kukagawa chakudya kumadera a njala ndi kukasamalira anthu mliri wa makoswe utabuka ku Calcutta. Anzake ena anang'ung'udza kuti ntchito ya mmonke ndi kupemphera, iye sanawamvere. Mpaka lero bungweli lili ndi zipatala ndi sukulu.

Za yogazo, iye ankaphunzitsa kusinkhasinkha ndi kugwira maganizo kuti asamangoyendayenda. Zokhotetsa msana pakamphasa ka pulasitiki zomwe anthu amalipira ndalama zambiri ku London ndi New York zinabwera ndi aphunzitsi ena pambuyo pake, mwini wakeyo atamwalira kale mu 1902, ali ndi zaka 39 zokha.