Musamete Pomeranian chifukwa cha kutentha

Kwa zaka 4 tsopano ndakhala ndikusunga kagalu ka mtundu wa Pomeranian, ndipo pafupifupi mlendo aliyense akakaona amafunsa ngati kangathamangitse wakuba. Sikangatero, popeza thupi lake lonse silikwana makilogalamu 3, ngakhale kuti pouwa kamaposa agalu akuluakulu a anansi anga. Dzina la mtunduwu linachokera ku dera la Pomerania, lomwe lili m'mphepete mwa nyanja ya Baltic kumpoto kwa Poland ndi Germany. Agaluwa kale anali okulirapo, ndipo amene anatchukitsa tating'onoting'onoti ndi Mfumukazi Victoria ya ku Britain, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Chimene chandichititsa kulemba ndi chizolowezi chomwe ndimachiona mwezi wa Okutobala ukafika, pamene eni ake ena amatimeta mpala tiagaluti poganiza kuti akutichitira chifundo. Ineyo ndikuti kumeneku ndi kulakwitsa. Ubweya wa Pomeranian uli pawiri: wam'kati ndi wofewa ndi wothithikana, pamene wakunja ndi wautali ndi wolimbirapo, ndipo wakunjawo ndi umene umatchinga khungu ku dzuwa. Mukaumeta mpaka pakhungu, khungulo limapsa msanga, ndipo nthawi zina ubweyawo umamera mwa apo ndi apo kapena osabwereranso mmene unalili. Chimene kagalu kamafuna nyengo yotentha ndi mthunzi, madzi abwino osatha m'mbale, kuyenda m'mamawa kapena madzulo, komanso kupesedwa kangapo pa sabata kuti ubweya wothothoka wam'kati uchoke ndipo mpweya udutse. Kupesako ndi ntchito yotopetsa, sindingakunamizeni, makamaka kuseri kwa makutu ndi m'khwapa momwe ubweya umapotana n'kupanga mfundo. M'mfundo zomwezo ndi momwe nkhupakupa ndi nthata zimabisala, moti mwini wosapesa amazizindikira galu atafooka kale.

Lamba wa m'khosi ndinamusiya nditamva kagalu kanga kakutsokomola mawu onga kulira kwa tsekwe. Dokotala wa ziweto anandifotokozera kuti kholingo la agalu ang'onoang'ono ndi losalimba ndipo limatha kuphwafuka, choncho pokayenda ndimakamanga lamba wa pachifuwa. Mano nawonso ndi opanikizana m'kamwa mochepamo ndipo amawonongeka msanga akapanda kutsukidwa. Chokoleti, anyezi ndi mphesa ndi poizoni kwa galu aliyense, koma kwa kanyama kochepa chonchi ngakhale pang'ono pokha n'poopsa. Mafupa a nkhuku ophika, omwe ambiri timangoponyera agalu tikamaliza kudya nsima, amasweka n'kulasa m'matumbo.

Katemera wa chiwewe sindiphonya, ngakhale kuti kanga kamagona m'nyumba, chifukwa tsiku limene geti inasiyidwa yotsekula kanathamangira kumsewu ndipo ndinakapeza kakuuwa galu wosokera yemwe akanatha kukameza kamodzi.