Akuti makomiki ndi a ana, ine ndikukana

Pali anthu amene akakuona wagwira buku la makatuni amakuyang'ana momvera chisoni, kenako n'kufunsa kuti, "Munthu wamkulu ngati inu mukuwerengabe za ana?" Koma anthu omwewa ndi amene amakhala duu maola awiri kuonera filimu ya Spider-Man kapena Black Panther, osadziwa kuti onsewa anayambira papepala, Spider-Man mu 1962, Black Panther mu 1966.

Maganizo amenewa ali ndi pochokera. Mu 1954 ku America, dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, anatulutsa buku lonena kuti makomiki akuwononga achinyamata ndi kuwaphunzitsa umbanda. Nkhaniyo inafika mpaka ku Senate, nthambi ya nyumba ya malamulo ya dzikolo. Makampani osindikiza, poopa kuti boma liwapanikiza, anadziikira okha malamulo otchedwa Comics Code. Zamagazi ndi zoopsa zinaletsedwa, apolisi ndi oweruza milandu sankayenera kunyozedwa, ndipo munthu woipa ankayenera kugonja nthawi zonse. Zotsala pamsika zinali nkhani zofewa, ndipo ana a nthawi imeneyo anakula akuganiza kuti komiki imathera pomwepo. Ku Japan zinayenda mosiyana. Kumeneko makomiki amatchedwa manga, ndipo kuli manga ya ana, ya achinyamata, ya amayi, ya abambo a m'maofesi, ndipo munthu wovala tayi amawerenga m'sitima popanda womuseka.

Amene akukayikabe afunefune Maus ya Art Spiegelman. Ndi mbiri ya bambo ake amene anapulumuka ku Auschwitz, msasa umene a Nazi a ku Jeremani ankapherako Ayuda pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ayuda anawajambula ngati mbewa, Ajeremani ngati amphaka, ndipo bukuli linalandira mphoto ya Pulitzer mu 1992. Mukaliwerenga mubwere mundiuze ngati ndi la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Koma ine chimene chimandikoka kwenikweni ndi kampata koyera kamene kamakhala pakati pa timabokosi ta zithunzi. Tinene kuti m'kabokosi koyamba mayi waima pakhomo, wagwira kalata. M'kachiwiri kalatayo ili pansi, mpando wagwa chammbali, chitseko chili pululu. Palibe amene wajambula mayiyo akutsegula envelopu, akuwerenga, akuthamanga. Zonsezo mwazipanga ndinu m'mutu mwanu, ndipo mwazipanga mosazindikira. Filimu imakuchitirani ntchito imeneyi, imakuikirani ndi nyimbo yomwe yokuuzani nthawi yolira. Komiki imakusiyirani theka la nkhani kuti mumalize nokha. Liwiro nalo ndi lanu: tsamba limodzi mutha kulidutsa m'kanthawi, lina n'kukhalapo mphindi zisanu mukuyang'ana nkhope ya munthu amene sakulankhula kanthu. Wojambula waluso amadziwa ndi pobisa chinthu chodzidzimutsa, amachiika kuseri kwa tsamba kuti dzanja lanu lomwe lichivundukule. Ndiye wina azinena kuti uku si kuwerenga?

Komabe nafenso okonda zinthuzi tili ndi matenda athu. Alipo amene amagula komiki, kuitsekera m'pulasitiki osaitsegula n'kamodzi komwe, kudikira kuti mtengo ukwere. Ndikumvetsa komwe njalayi imachokera: kope limodzi la Action Comics nambala 1, momwe Superman anaonekera koyamba mu 1938, linagulitsidwa madola 6 miliyoni mu 2024. Chowawa n'chakuti amene anamulenga, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, anagulitsa umwini wake pa madola 130 okha. Kopelo linakwera mtengo chifukwa ambiri ankawerenga n'kutaya, moti otsala ndi ochepa. Zimene aliyense akusunga m'pulasitiki lero sizidzasowa choncho.

Ena ndi aja ofunsa mayeso. Mnzathu wangoyamba kumene, wavala malaya a Batman, iwo ayamba kale: "Tchula ma Robin onse," kutanthauza onse amene anakhalapo wothandizira wa Batman pa dzina limeneli. Zimandinyansa. Batman alipo kuyambira 1939, palibe amene anawerenga zonse, ngakhale ofunsawo. Watsopano akakufunsani poyambira, musamutumize ku nambala 1 ya zaka zoposa makumi asanu ndi atatu zapitazo. Mubwerekeni nkhani imodzi yokhala ndi chiyambi ndi mathero, ndipo ngati ndi manga mumuchenjeze kuti imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, apo ayi ayambira kumapeto.