Inu ogulitsa galimoto pa Facebook, makiyi mukuperekeranji ndalama musanaione?

Ndakhala chete nthawi yaitali, koma lero mundilole ndikukalipireni pang'ono, ana anga. Mwezi wathawu muphwa wanga, mwana wa mchemwali wanga weniweni, anafika kwathu kuno usiku, wapansi, maso ali psuu. Sienta imene anaivutikira zaka zitatu, kuitanitsa ku Japan, kukaitenga yekha ku Dar es Salaam, kulipira msonkho pa Songwe, inali itapita. Sanamulande ndi mfuti, sanamuthyolere geti. Makiyi anapereka yekha, ndi manja awiri, akumwetulira, chifukwa foni yake inalira n'kumuuza kuti ndalama zalowa.

Ndinamufunsa funso limodzi lokha: kodi iwe unatsegula akaunti yako n'kuona ndi maso ako? Anangowerama. Mwana wopita kusukulu, wodziwa kompyuta kuposa ine, kupusitsidwa ndi meseji!

Meseji aliyense akhoza kulemba. Chithunzi cha risiti ya kubanki chimene amakutumizirani pa WhatsApp, mwana wa Fomu 2 akhoza kuchikonza pa foni mphindi zochepa, dzina lanu ndi nambala ya akaunti yanu zili bwinobwino. Umboni woti mwalipidwa uli pamalo amodzi basi: mu akaunti yanu, mutalowamo nokha pa foni yanu, kapena mutafunsa pa kauntala ya banki yanu. Osati pa foni ya wogulayo, osati pa nambala imene iye wakupatsani kuti "imbirani a manijala atsimikize". Amene ayankhe kumeneko ndi mnzake wakuba, wakhala pansi pa mtengo wa mango kudikira foni yanuyo. Ndipo wina akakuuzani kuti watumiza mtengo wonse wa galimoto kamodzin'kamodzi pa Airtel Money kapena pa Mpamba, dabwani, chifukwa njira zimenezi zili ndi malire a ndalama zimene munthu angatumize kapena kusunga.

Cheke ndiye musachite kunena. Amasankha dala Lachisanu masana, kapena tsiku loti mawa lake ndi holide. Amaikadi chekecho kubanki, inu n'kuona chiwerengero chikuoneka mu akaunti, mtima pansi. Koma cheke chisanatsimikizidwe si ndalama, ndi pepala. Pofika Lachiwiri chabwezedwa, galimoto inadutsa kalekale ku Mchinji, ku Dedza kapena ku Mwanza, mwinanso yaphwasulidwa, injini kwina, zitseko kwina.

Wakuba ameneyu mungamudziwe msanga mukadekha. Mmalawi wofunadi galimoto amanenerera. Amagogoda matayala, amasuzumira kunsi kwa injini, amabwera ndi makaniko wake, amafunsa ngati COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi inshulansi zili moyo, amanyoza galimoto yanu mpaka mukwiye, zonsezo kuti mutsitse mtengo. Koma munthu amene wangoona zithunzi zinayi n'kuvomera mtengo wonse osachotsako ngakhale kobiri, m'nyengo ino imene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo aliyense akulira, mukuganiza kuti ndi mngelo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kawirikawiri iyeyo saoneka. Ali ku Joni, ali ku UK, ali kumunda ku Kasungu, ali pa msonkhano wosatha. Atumiza "mng'ono wake" kapena "dalaivala wake". Ndipo nthawi zonse ali pachangu: galimoto ikufunika lero lomwe, mawa kuli ukwati, mawa kuli maliro. Changu chimenecho si chake ayi, akukupatsani inuyo kuti musapeze mpata woganiza kapena wofunsa munthu.

Tsono pali chinyengo china chimene chimandiopsa kwambiri, chifukwa chimagwetsa anthu awiri osalakwa nthawi imodzi. Wakubayo amakuimbirani ngati wogula, mwaulemu wake, n'kupempha zithunzi zambiri, za blue book, chikalata cha umwini wa galimoto, ndi za chitupa chanu cha unzika, ati akufuna atsimikize kuti galimoto si yakuba. Inu potengeka, mumatumiza zonse. Iye amatenga zithunzizo n'kutsatsa galimoto yanu yomweyo m'gulu lina, pa mtengo wotsika, ngati yake. Akapeza wogula weniweni amamuuza kuti, "Galimoto ili ndi mlamu wanga, pitani mukaione, koma za mtengo musakambe naye, tili ndi kankhani ka pabanja." Kwa inu amati, "Ndatuma munthu wanga adzaione, za ndalama musakambe naye, ndimalizitsa ndine." Mumakumana awirinu, aliyense akusunga chinsinsi cha wakuba ngati mwalumbira. Wogula uja waikonda galimoto, watumiza ndalama kwa "mwini wake" wa pafoni uja, akuti bweretsani makiyi. Inu simunalandire kalikonse. Foni ya mkulu uja yazima. Otsala ndinu awiri, kukokanakokana mpaka kupolisi, wina akuti wandibera, winanso akuti wandibera. Chikhala kuti mmodzi mwa inu anangotsegula pakamwa n'kufunsa kuti, "Kodi bambo, mwauzidwa mtengo wanji, ndipo mulipira kwa ndani?" bodza lonse likanathera pomwepo. Safunsa anadya phula.

Nanga chitupa cha unzika mumangomwaza kwa munthu amene simunamuonepo nkhope, mukudziwa kuti masiku ano nambala ya foni amalembetsa ndi chitupa chomwecho? Mapepala munthu aone pamaso panu, m'manja mwanu. Chimodzimodzi timanambala timene timabwera pa foni: wina akati "ndakutumizirani kakhodi molakwitsa, tandiwerengereni", dziwani kuti akufuna kulanda WhatsApp yanu kapena kulowa mu akaunti yanu. Enanso amati atumiza ndalama zopitirira, muwabwezereko zapamwambazo. Mubweza chiyani pa ndalama imene sinabwere?

Za kuyesa galimoto ndinene mwachidule. Mlendo sayendetsa yekha, ngakhale atavala suti ya mtengo wapatali, ngakhale atasiya chikwama kapena "mkazi wake" ngati chikole. Chikwamacho mudzapezamo manyuzipepala, mayiyo adzati wangokumana naye pa depoti. Kweranimo, mutengenso mnzanu wamphamvu zake, masana dzuwa likuswa mtengo, njira musankhe ndinu. Mukamasinthana mipando, zimitsani injini, makiyi atuluke nanu. Ndipo musaitanire anthu osawadziwa kunyumba kwanu kuti aone pamene galimoto imagona ndi pamene galu amamangidwa. Kumanani pamalo a anthu ambiri, ngakhale pafupi ndi polisi. Wogula woona sakana zimenezo. Wakuba amayamba kupereka zifukwa.

Ena mumati, "Ine ndiye sangandipusitse, ndimafuna kashi." Chabwino. Koma tawerengani: K10 miliyoni ya ma K5,000, aja anatuluka mu 2022, ndi mapepala 2,000, mitolo 20. Mudzawayang'ana onsewo limodzilimodzi muli m'galimoto, madzulo, munthu akukufulumizitsani? Pamwamba ndi pansi pa mtolo amaika zenizeni, pakati ndi zimene akudziwa okha. Ndipo ngakhale zonse zikhale zenizeni, mwatuluka pamenepo ndi chikwama chimene anthu ena akudziwa kale chimene chili m'katimo. Lowani naye m'banki, ndalama aziwerenge pa makina, zilowe mu akaunti yanu, risiti ili m'manja, makiyi pambuyo.

Chomaliza chimene mumachinyozera ndi kusintha umwini. Mwalandira ndalama, mwasangalala, mwamuuza wogula kuti "za ku Road Traffic tidzapanga sabata yamawa", kapena mwasiyira dobadoba wa pageti kuti ayendetse. Sabata yamawayo imakhala chaka. Galimoto ikadali m'dzina lanu m'makompyuta a boma, ndiye ikagunda munthu n'kuthawa, kapena ikagwidwa itanyamula chamba, apolisi adzayambira pakhomo panu. Lembani kalata ya mgwirizano, mayina, manambala a zitupa, nambala ya chasisi, mtengo, tsiku, mboni ziwiri zisaine, kenako pitani limodzi mukasinthe dzina, ngakhale mzere utalike bwanji.

Muphwa wanga uja anakanena kupolisi m'mawa mwake. Nambala imene ankalankhula nayo sikupezekanso, tsamba la pa Facebook la "wogula" uja linafufutidwa usiku womwewo. Ngongole imene ankafuna kubweza pogulitsa Sienta ija ikadalipo, ndipo kuntchito akupita pa kabaza. Blue book anapereka pamodzi ndi makiyi.