Akathyali amadziwa pamene ife timaopa

Abale anga a kuno ku UK, ndikulemba mtima ukuwawabe. Dzulo ndinaperekeza amayi ena a kutchalitchi kwathu kubanki, akathyali atawasesera malipiro onse a mwezi. Mnyamata wa pakauntala, msinkhu wa mwana wawo woyamba, anawafunsa mokoka mawu ngati akuyankhula ndi kamwana: kodi nambala yachinsinsi ija munapereka nokha? Anabwerezanso, anthu pamzere akumva. Amayi amene amachezera usiku kusambitsa ndi kutembenuza nkhalamba za eni dziko anangozyolika.

Inde anapereka okha. Nanga akanatani? Imelo ina inawapeza ali pa shifiti ya usiku, ili ndi chizindikiro cha Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko muno, ikunena kuti eVisa yawo, chilolezo chokhalira kuno cha pa intaneti, ili ndi vuto ndipo akapanda kudina linki pasanathe maola 24 chilolezo chawo chithetsedwa. Inu mukudziwa m'mene mawu otere amadulira m'mimba munthu wa viza ya sponsa, yodalira amene anamulemba ntchito. Makadi a BRP aja, osonyeza chilolezo chokhalira kuno, anatha ntchito pa 31 December 2024, zonse zili pa intaneti, palibe chogwira m'manja choti uyang'ane mtima n'kukhala m'malo. Mbava zimenezi zimadziwa bwino lomwe pamene ife timaopa.

Ndipo sizipuma. Lero meseji yoti HMRC, bungwe lotolera misonkho, ikubwezera msonkho, mawa yoti phukusi lako lakanirira ulipire kangachepe, mkuja wina pa WhatsApp akudzitcha mwana wako, ati foni yagwera m'madzi nditumizireni ndalama. Onjezanipo lendi, basi yosabwera kukuzizira, ma ejenti aja amene anadyera anzathu mapaundi masauzande pa ntchito zoti kulibe, ndi foni ya kumudzi yolira mbandakucha kufunsa za feteleza. Munthu wotopa chotere ndiye mukuti aziwerenga imelo chilembo ndi chilembo? Kenako wina wodya bwino n'kumufunsa kuti munapereka nokha?

Akathyaliwo sanathere pa ndalama. Pasiwedi imene amayiwa analemba patsamba labodzalo inali yomweyo ya imelo yawo, ndiye akubawo analowa mu imeloyo, nasintha nambala yobwezeretsera akaunti, n'kuyamba kulembera abale onse kuti kwagwa maliro athandize. Ena anatumiza. Gulu lathu la pa WhatsApp lija, m'malo mothandiza, linasanduka bwalo la milandu. Anthu omwe mafoni awo alibe ndi loko womwe ndi amene anatsogola kuseka. Manyazi bwanji, Amalawi anzanga!

Imvani tsono, poti palibe amene anatiuza izi potsika ndege. Masamba a boma la kuno amathera ndi gov.uk, koma ngakhale dzina la wotumiza lioneke labwino musadalire, amatha kulinamizira. Tsekani imeloyo, lembani nokha gov.uk, mulowe mu akaunti yanu muone ngati vutolo lilipodi. HMRC situmiza imelo kapena meseji yokuuzani kuti mudine linki n'kulemba za kubanki kuti akubwezereni msonkho. Nambala ija imabwera pafoni polowa mu akaunti kapena polipira ndi yanu nokha, banki yeniyeni siingakuuzeni kuti muiwerengere pafoni. Wina akaimba n'kumakufulumizitsani, dulani, imbani 159, mabanki ambiri akuluakulu amapezeka pamenepo. Meseji yokayikitsa itumizeni ku 7726, n'zaulere, imelo ku report@phishing.gov.uk. Imelo yanu ikhale ndi pasiwedi yakeyake, poti amene wagwira imelo wagwira zonse, banki, Facebook, ndi makalata a kuntchito. Yatsaninso chitetezo chachiwiri chija chofuna nambala kuwonjezera pa pasiwedi. Ngati anakulowerani kale, fufuzani ngati sanatchere kuti makalata anu azipitanso kwa iwo mwakabisira.

Komabe funso lija silikundichoka. Munapereka nokha? Wakuba ali phee kwinakwake, wobedwa ndiye aimikidwe pagulu. Kufunsa n'koyenera, ndikudziwa, koma panalibe kachipinda koti awatengereko? Panalibe mawu oti pepani?

Ndalama zimenezo zinali fizi ya mtsikana wawo wa Fomu 4 ndi malata a nyumba imene akumanga kumudzi kuti tsiku lina akapume. Mpaka pano sanawauze ana. Usiku anawaimbira n'kunena kuti zonse zili bwino, mawu ali njenjenje, ine ndili pambali. Tonsefe tinasiya ana ndi makolo kuti tidzabwerere ndi kanthu, ndiponso ndi ulemu wathu, ndipo ine sindifuna kuti mmodzi wa ife adzakwere ndege yobwerera atalandidwa zonse ziwiri.

Lamulungu likubwerali tikaweruka mapemphero musathamangire mabasi. Bwerani ndi mafoni anu, achinyamata atithandize kusintha mapasiwedi mmodzimmodzi, ndipo mbale ya chopereka cha amayiwa idzayenda popanda kutchula dzina lawo.